Maliro a Katundu Wanga

Inu owerenga, ine ndine mayi amene ndinatsala pang'ono kulandidwa mdzukulu wanga woyamba ndi makatoni. Sindikunena za ufiti kapena za mkangano wa m'banja ayi. Ndikunena makatoni enieni, odzaza ndi zinthu zimene ndinagula ndi manja angawa n'kuziunjika m'nyumba mpaka munthu kusowa pogona. Lero ndimaseka ndikamaikamba nkhaniyi, koma pamene inkachitika mano anga sankaoneka.

Ndimakhala ku Kabwata mu Lusaka, m'nyumba ya zipinda ziwiri zogona imene tinagula pamene nyumba za khansulo zinkagulitsidwa kwa okhalamo. Ine ndi amuna anga, a Phiri, kwathu ndi ku Katete, koma takalambira m'tauni muno. Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Zelipa.

Matenda anga osunga zinthu anayamba m'zaka za chipani chimodzi, ndipo amene munalipo mukuzikumbukira. Ukaona mzere pasitolo unkayamba waima kaye, kenako n'kufunsa kuti kukugulitsidwa chiyani. Lero sopo, mawa shuga, mkuja kulibe chilichonse. Botolo sunkataya, pepala la pulasitiki unkalichapa n'kuliyanika pachingwe. Masiku amenewo kusunga kunali nzeru, ndipo akazi anzanga ankandisirira chifukwa pansi pa bedi langa sipankasowa mtanda wa sopo.

Kenako kunabwera zipani zambiri, malire anatseguka, masitolo anadzaza mpaka pakhomo. Dziko linasintha, koma ine mtima unatsalira pamzere. Kumsika wa Soweto kunafika salaula, zovala zakaunjika zija, ndipo Loweruka lililonse ndinkakhala woyamba pomwe akudula belo. Ndinagula majasi aubweya a kumayiko achisanu, ine wa ku Lusaka. Ndinagula makatani okwanira hotela. Makampani a boma atayamba kutsekedwa, kuphatikizapo imene ndinkagwirako ntchito yotayipa, katundu wa m'maofesi ankagulitsidwa motchipa, ndipo ine ndinali komweko. Ndinabwera ndi makina otayipira awiri, kabati yachitsulo ya mafayilo, mipando yozungulira yothothoka matayala, ndi kapeti yaitali kuposa nyumba yanga. A Phiri akafunsa, yankho langa linali limodzi, lakuti zonsezi ndi za Zelipa akadzakwatiwa.

Zelipa anakwatiwadi, ndi mnyamata wachibemba wofatsa dzina lake Chanda, ndipo anakakhala m'kanyumba kakuseri ku Woodlands. Pa zonse ndinamusungira zija anasankha mapoto awiri ndi nsalu imodzi basi. Ndinakhumudwa, koma ndinati ndi chibwana, adzazifuna. Chipinda chake chinasanduka sitolo yanga. Chitadzaza, katundu anasefukira m'kholido, pabalaza, mpaka pakhonde. Amuna anga anasamuka ndi mpando wawo n'kumakawerengera nyuzipepala pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo anthu odutsa anazolowera kuwaona pamenepo mmawa ndi madzulo. Tsiku lina anandiuza kuti, “Amake Zelipa, ine pano ndine mlonda wa sitolo yosagulitsa.” Ine ndinaseka, ndinkayesa nthabwala.

Kenako Zelipa anaima. Inu mukudziwa mwambo wathu, kuti mwana wamkazi akachira koyamba amapita kwa mayi ake. Mayi ndiye amamuthowa ndi madzi otentha, kumuphikira phala, kumuphunzitsa kugwira khanda posambitsa, mpaka mchombo ugwe ndi thupi libwerere m'malo. Ine ntchito imeneyi ndinaiyembekezera kuyambira Zelipa ali pamsana. Ndinauza kale amayi onse a kutchalitchi kuti chaka chino asandidalire kwambiri, ndikhala ndi mlendo. Ndipo mukudziwa chimene ndinachita pokonzekera? Ndinapitanso ku Soweto kukagula mabulangete a mwana ndi matewera, ndipo katoni yake ndinaikankhira m'chipinda chomwecho kudzera pakampata ka chitseko.

Masana ena Zelipa anabwera kudzationa, mimba itakula, miyendo itatupa. Anakhala m'mphepete mwa sofa chifukwa mbali inayo panali makatani. Analankhula maso ali pansi.

“Amami, nikachila nizayenda ku Chelstone, kuli ba mayo.”

Ba mayo amenewo ndi apongozi ake, amake a Chanda. Inu, ndinapsa mtima. Ndinamufunsa ngati ine ndinafa. Ndinati Abemba amudyetsa chiyani kuti aiwale amene anamubereka. Mwana wanga anangoyang'ana chitseko cha chipinda chake, kenako n'kutsanzika. Ine kuyang'ana kumeneko sindinakumve. Madzulo ndinakadandaula kwa amuna anga pansi pa mtengo paja, ndipo iwo anangopinda nyuzipepala n'kundifunsa kuti mwanayo akabwera agona pati, pamwamba pa kabati? Tsiku limenelo ndiwo zawo ndinaziika mchere wambiri mwadala.

Patapita masiku angapo kunabwera asebele anga, apongozi a Zelipa aja, amene kwawo amawatchula kuti bana Chanda. Ndi mayi wamtali, wamawu aakulu, woseka ndi thupi lonse. Tsono pakati pa Abemba ndi ife a kum'mawa pali chimbuya, chibale cha nthabwala chija. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena za anyani. Mbuya wako akhoza kukuuza chilichonse pamaso, ndipo iwe kukwiya n'koletsedwa. Asebelewo ufulu umenewu amaugwiritsa ntchito osasiyako.

Atangolowa anayang'ana uku ndi uku n'kuyamba ndi moni wa Chibemba kuti, “Mwapoleni mukwai, ba sebele. Nanga mulendo ankala pati muno, olo tizaimilila monga mu basi?”

Ndinachotsa makatani pasofa, ndinawapatsa tiyi, ndipo ndinayamba kukonza pakhosi kuti ndiwafunse za kundilanda mwana. Sanandipatse mpata. Anati akufuna kuona chipinda chimene mdzukulu wawo adzagone. Chitseko chinatseguka pang'ono n'kukana, mpaka anachikankha ndi phewa. Fungo limene linatuluka mmenemo ine ndinali nditalizolowera, koma iwo anatseka mphuno ndi chitenje. Pofuna kudzitama ndinawasonyeza katoni ya mabulangete a mwana. Anaikoka, anaitsegula, ndipo chinthu chinadumpha n'kudutsa pakati pa miyendo yathu. M'bulangete loyera lija munali chisa, ndi tiana tofiira tikuphiriphitha.

Asebele anaseka mpaka kutsamira khoma. “Awe mwandi, imwe ba kum'mawa muli na nzelu! Mwaleka kukumba mbeba mu sanga, manje muziweta mu nyumba. Ndiyo pafupi!”

Ine pofuna kuteteza mtundu wanga ndinayankha mokweza kuti amenewo si mbewa, ndi makoswe, ndipo ife makoswe sitidya. Nditangomaliza ndinadzimva ndekha zimene ndanena. Ndi pakamwa panga ndinali nditavomera kuti m'chipinda chimene ndinkalimbirana khanda munali makoswe.

Kuseka kwawo kunatha. Anandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu kuti, “Ba sebele, ine sinifuna kumilanda mwana. Mukazi akachila afunika manja ya amai bake, osati ya apongozi. Ni Zelipa eka anabwela kunipempa, alila. Konzani chipinda ichi, nizamubweletsa neka.”

Mawu akuti mwana wanga anakapempha malo kwa eni ake akulira anandilasa kuposa nthabwala ya makoswe. Ndinalonjeza kuti ndikonza.

Koma inu owerenga, munthu wosunga zinthu akati akukonza musamukhulupirire msanga. Chimene ndinachita ndi kugula matiranki ena awiri. Makatoni a m'chipinda cha Zelipa ndinawasamutsira kuchipinda chathu, ena ndinawasanjikiza m'kholido mpaka kudenga. Sindinataye ngakhale chivindikiro cha botolo. Sabata itatha, m'chipindamo munaoneka kanjira kofika pabedi, koma amuna anga popita kubafa ankachita kukwera kapeti ngati akuwoloka chulu. Asebele atabweranso anangoti ndasamutsa makoswe kuwapatsa chipinda chachikulu. Analamula kuti zonse, kuyambira sofa mpaka supuni, zituluke panja kaye, nyumba isesedwe, ndipo chobwerera mkati chikhale chokhacho chimene tikuchigwiritsadi ntchito. Ndinakana, ndinadandaula, koma mwezi wa Zelipa unali utayandikira, choncho ndinagonja.

Loweruka mmawa Chanda anabwera ndi anzake ndipo anayamba kutulutsa. Masofa anawandandalika pabwalo, matebulo ndi makabati pambali pake. Kuseri anakoleza moto wotentherapo nsanza zodyedwa ndi makoswe. Ine ndi asebele tinayala mphasa pabalaza popanda kanthu paja, tinavala maduku chifukwa cha fumbi, n'kukhala pansi kumasankha zovala. Amuna anga anali atapita kutauni kukagula penti ndi mankhwala a makoswe, choncho mpando wawo pansi pa mtengo unali wopanda munthu.

Palibe mmodzi wa ife anaganiza mmene zimenezi zikuonekera kwa munthu wodutsa mumsewu. Mu Lusaka muno ukaona masofa ali panja, utsi ukufuka pabwalo, amayi atakhala pansi m'nyumba ndi maduku, sufunsanso. Pamenepo pagwa maliro.

Woyamba anali amai Zulu, a nyumba yoyandikana nafe. Anaona mpando wopanda mwini uja ndipo anayambira pageti kulira, manja kumutu, akuitana dzina la amuna anga kuti atisiya bwanji osadwala. Kulira kwawo kunaitana ena. Posakhalitsa bwalo linadzaza amayi a zitenje, wina atanyamula makala, wina kabichi, abambo akukhala pamasofa mwaulemu zipewa zili m'manja. Ine ndinaimirira kuti ndifotokoze koma mawu anga sanamveke. Ndipo asebele anga, m'malo mondithandiza, anaona kuti mwayi wa chimbuya wapezeka. Anadzigwetsa pamphasa n'kuyamba kulira kuposa onse.

“Lilani, lilani! Batisiya ba kabati! Bayenda ba kapeti, mayo ine!”

Anthu asanamvetse, a Phiri analowa pageti ndi chitini cha penti m'manja. Anaima, anavula chipewa, n'kufunsa mwaulemu munthu woyandikana naye kuti wamwalira ndani. Amai Zulu atatembenuka n'kuwaona anakuwa, ndipo akanapanda kugwiridwa akanagwera pamakina otayipira. Kuseka kumene kunatsatira sindinakuonepo pa Kabwata. Amuna anga mpaka lero amati ndi okhawo m'tauni muno amene anafika mochedwa pamaliro awo.

Ine ndekha ndiye sindinkaseka, chifukwa zobisika zanga zonse zinali padzuwa. Anthu amene anabwera kudzalira sanachoke, anayamba kuzungulira katundu. Anaona mitanda ya sopo ya m'zaka za mizere, itauma n'kung'ambika. Anaona shuga atasanduka mwala, mafuta ophikira atanunkha m'zigubu, majasi atabooledwa ndi njenjete. Amai Zulu, misozi isanaume, anatola bulangete limodzi pamulu, analisisita, n'kunena osati mwachipongwe koma ngati akudzilankhulira kuti mu Juni ana awo ankafunda zitenje. Pakati pa nyumba yawo ndi yanga pali mpanda wa maluwa chabe, ndipo ine mu Juni momwemo mabulangete ankafunda makoswe.

Ndinakhalanso pamphasa paja n'kuyang'ana panja kudzera pakhomo. Ndinaona kuti tsiku la maliro anga enieni zidzakhala chonchi. Adzatulutsa zonsezi, adzadabwa, ena adzaseka mobisa, adzagawana, zotsala adzatentha, ndipo Zelipa ndiye adzavutike nazo ali m'chisoni. Kusiyana kwake kunali kwakuti lero ndinalipo, ndipo ndikanatha kunena ndekha kuti ichi chipite kwa uje. Ndinadzuka, ndinatenga mabulangete atatu abwino, n'kuwaika m'manja mwa amai Zulu.

Kuyambira pamenepo ntchito inayenda. Asebele ankanyamula chinthu m'mwamba n'kundifunsa pamaso pa anthu onse kuti ndinachigwira liti komaliza. Ndikayankha msanga, chinkalowa m'nyumba. Ndikayamba chibwibwi, kapena ndikangoti chidzagwira ntchito, amayi onse ankakuwa kuti chipite. Makatani ndi majasi abwino anatengedwa ndi amayi a kutchalitchi kuti akagawire osowa. Kabati ndi mipango yothyoka ya mipando zinapita ndi bambo wina wowotcherera zitsulo. Kapeti anaidula zidutswa ndipo inakwanira nyumba zingapo za mumsewu wathu. Pa makina otayipira ndinalimba, chifukwa ndiwo anaphunzitsa Zelipa sukulu, ndipo anandilola kusunga amodzi. Ndinasunganso mtondo wa malemu amayi anga, umene ndinali nditaiwala kuti ndili nawo chifukwa unakwiririka pansi pa zinthu zachabe.

Dzuwa lisanalowe nyumba inali itasesedwa ndi kukolopedwa. Ukalankhula mawu ankabwerera. Amuna anga analowetsa mpando wawo uja n'kuuika pabalaza, ndipo anakhala pamenepo akuyang'ana makoma ngati mlendo. Mawa lake anapaka penti chipinda cha Zelipa, ndipo zenera lake, limene linali lisanatsegulidwe kwa zaka, tinachita kulimenya ndi nyundo.

Ndisakunamizeni kuti ndinachira tsiku lomwelo. Sabata yotsatira ndinkadzimva ngati ndaberedwa. Ndinkalowa m'nyumba za anzanga n'kumaponda kapeti yanga mtima ukuwawa. Loweruka miyendo inanditengera yokha ku Soweto, ndinaima pomwe akudula belo, manja akuyabwa. Ndinabwerako ndi tomato ndi anyezi basi, ndipo tsiku limenelo ndinadziyamikira ndekha.

Zelipa anamva nkhani ya maliro a atate ake kwa Chanda ndipo akuti anaseka mpaka kugwira mimba. Koma za kumene adzapite akachira sananene kanthu. Malonjezo anga okonza nyumba anali atawamva kambirimbiri, ndipo chifukwa cha miyendo yotupa ija sanathe kubwera kudzaona yekha. Ine sindinamukakamize, ndinangochapa neti, ndinayala bedi, n'kumadikira.

Zelipa anachira msanga kuposa mmene tinkayembekezera, mwana wamwamuna wonenepa. Tsiku lotuluka m'chipatala tinakwera takisi, Chanda kutsogolo, kumbuyo ine ndi asebele, Zelipa pakati ndi khanda. Dalaivala anafunsa kuti tikulowera kuti. Ine ndinayang'ana pazenera, chifukwa ndinali nditatsimikiza kuti akati ku Chelstone sindilankhula kanthu. Zelipa anayang'ana apongozi ake, ndipo iwo anagwedeza mutu pang'ono n'kuuza dalaivala kuti, “Ku Kabwata, mwana wanga, kuli aba bakudya mbeba.”

Titafika Zelipa anaima pakhomo la chipinda chake. Munali bedi, neti, mpando umodzi, beseni ndi mphepo yolowera pazenera. Analowa, anagoneka mwana pakati pa bedi, iye n'kukhala pambali pake. Anangovula nsapato.

Mmawa mwake ndinawiritsa madzi n'kuyamba kumuthowa monga anandithowera amayi anga. Ankadandaula kuti ndi otentha, ine n'kumati apirire, ndi mmene thupi limabwerera. Tinkaseka za amai Zulu. Kenako, nkhope ili kukhoma, analankhula.

“Amami, iyi mimba siinali yoyamba. Chaka chatha inachoka inangu, ba Chanda bali ku Kitwe ku nchito. Ninakwela basi kubwela kuno, nenze kufuna chabe kugona pafupi na imwe. Ninafika pa geti, ninaona makatoni pa khonde, ninaziba kuti kulibe pogona. Ninabwelela.”

Sindinasiye kuthowa chifukwa madzi akanazizira, koma misozi inkagwera m'beseni. Ndinayesa kukumbukira kuti tsiku limenelo ndinali kuti. Mwina ndinali m'nyumba momwemo ndikupinda makatani amene ndinkati ndi ake. Ndinamupepesa, ndipo iye anati zinatha, ndisalire pamaso pa mwana. Anakhala nafe mpaka atalimba, ndipo amenewo ndi masiku okoma kuposa onse amene ndakhala m'nyumba imeneyi.

Lero mdzukulu wanga amathamanga kuchokera pakhonde mpaka kukhitchini osagunda kanthu. Zelipa amabwera kudzagona osayamba wanena, nthawi zina popanda chifukwa. Asebele amabwera mwezi ndi mwezi, amati kudzayendera ziweto zanga, ndipo amasuzumira pansi pa mabedi onse asanamwe tiyi. Ndine wokhutira, ndipo ndili ndi zochepa kuposa kale lonse.

Tsono inu owerenga, makamaka anzanga amene munaima nawo pamizere ija, ndikudziwa kuti kusunga kwanu si umbombo. Ndi mantha a masiku amene tinasowa, koma masikuwo anapita. Musanene kuti mukusungira ana musanawafunse ngati akuzifuna. Musagule tiranki ina, chifukwa kusamutsa si kukonza. Tulutsani zonse panja, itanani munthu amene sakuopani kuti azikufunsani mafunso, ndipo chimene simukuchigwiritsa ntchito chipatseni munthu muli moyo, muone nkhope yake akulandira. Kungoti muwauziretu oyandikana nawo kuti pakhomo palibe zovuta.

Katundu ndinamutaya ndipo sindimulira. Chimene ndimalira ndi tsiku limodzi lija, chifukwa limenelo palibe tsache lingalisese. Pitani mukaime pageti panu lero, muyang'ane nyumba yanu ndi maso a mwana wanu amene wafika ali m'mavuto, ndipo mudzifunse ngati angalowe. Wanga anabwerera, ndipo ine sindinadziwe n'komwe kuti anabwera.